Kogula Maluwa mu Salisbury: Sitolo ya M'tauni, Msika, Alimi Kapena Intaneti?

Aliyense amene wakhalako zaka zingapo ku England amadziwa kuti maluwa kuno ali ndi ntchito yaikulu kuposa imene tinazolowera kwathu. Kumudzi munthu akamwalira, amayi amakhala pansi pa mtengo n'kuluka nkhata ndi maluwa othyola kumpanda wa pasukulu kapena wa pamishoni, ndipo ukamapita kukazonda wodwala umanyamula nthochi, mkaka kapena phala. Kuno ukaitanidwa ku chakudya chamadzulo, mnzako wa kuntchito akachira, nkhalamba imene umaisamalira ikatisiya, kapena mwana akamaliza maphunziro a ukachenjede, chinthu choyamba chimene eni dziko amaganizira ndi maluwa. Choncho tsiku limafika pamene iwenso uyenera kugula, ndipo funso limakhala lakuti ukagule kuti, pakuti njira zilipo zingapo ndipo zimasiyana pa mtengo, pa ubwino wa maluwawo, komanso pa ulemu umene zimapereka kwa wolandirayo.

Ndilemba za Salisbury, mzinda wa m'chigawo cha Wiltshire kumene ndimakhala, ngakhale kuti zambiri mwa izi zingathandizenso amene ali m'mizinda ina yaing'ono monga Wells, Ely, Lichfield, Ripon kapena Hereford. Dzina la Salisbury si lachilendo m'makutu mwathu, chifukwa agogo athu amene ankapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ankatchula mzinda wa dzina lomweli, umene kuyambira mu 1982 umatchedwa Harare. Salisbury wa kuno ndi wamng'ono, wa anthu opitirira pang'ono 40,000, ndipo anakula mozungulira tchalitchi chachikulu cha bishopu chimene anayamba kumanga mu 1220 n'kuchidalitsa mu 1258, chimene nsanja yake ya mamita 123 ndi yaitali kuposa ya tchalitchi china chilichonse mu Britain. Kuchepa kwa mzindawu kumakhudza mwachindunji nkhani ya maluwa. Masitolo enieni a maluwa ndi owerengeka, moti masiku otanganidwa amadzaza msanga ndi maoda. Anthu ambiri amakhala kunja kwa mzinda, m'malo monga Wilton, Downton, Laverstock ndi Amesbury, kumene kukasiya maluwa kumafuna galimoto ndi ndalama yapadera. Ndipo kalendala ya mpingo imalamulabe nthawi imene maluwa amaloledwa kapena kukanizidwa m'nyumba zopemphereramo.

Musanayerekeze njirazi, ndi bwino kudziwa kuti pafupifupi ogulitsa onse amatunga pa chitsime chimodzi. Maluwa ambiri ogulitsidwa mu Britain amachokera kunja, ndipo ochuluka amadzera ku Netherlands, kumene kuli msika waukulu wa Royal FloraHolland ku Aalsmeer. Maluwa a rozi ambiri amalimidwa ku Kenya, makamaka m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, ena ku Ethiopia, ku Colombia ndi ku Ecuador, ndipo ena amachokera m'minda ya kufupi ndi Lusaka ku Zambia. Duwa limadulidwa, kuikidwa m'chipinda chozizira, kukwezedwa ndege, kenako kunyamulidwa pa lole, ndipo tsiku lililonse la ulendowu limachotsedwa pa masiku amene duwalo lingakhale pa tebulo lanu. Mu 2024 boma linawonjezera zikalata ndi kuyendera katundu pa malire kwa mitundu ina yochokera ku European Union, monga orchid, chrysanthemum ndi carnation, zimene zinachulukitsa ntchito kwa oitanitsa. Choncho kusiyana kwa wogulitsa uyu ndi uyo sikuli kwenikweni pa munda umene duwalo linamera. Kuli pa masiku amene latha lili m'njira, pa manja amene alisamalira litafika, ndiponso pa funso lakuti zinthu zikalakwika mukadandaula kwa yani.

Njira yapafupi ndi yotsika mtengo ndi masitolo akuluakulu a zakudya monga Tesco, Sainsbury's, Waitrose ndi Marks & Spencer, amene onse alipo mu Salisbury. Iwowa amagula maluwa ochuluka kwambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake mitengo yawo sitolo yaing'ono singaifikire, ndipo m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi kamtolo ka maluwa achikasu a daffodil kamagulidwa ndi ndalama yosaposa kwenikweni paundi imodzi. Mitolo yambiri imakhala ndi kapepala kolonjeza masiku amene maluwawo akhale asanafote, ndipo ina imakhala ndi chizindikiro cha Fairtrade cha malonda achilungamo kwa alimi ndi antchito, chimene kwa ife odziwa thukuta la wogwira ntchito pa esiteti si chinthu chochepa. Ngati mwaitanidwa ku chakudya, kapena mukufuna kuthokoza mnansi amene anakusungirani katundu, musavutike kupita kwina. Yang'anani kumunsi kwa mapesi ngati sikunayambe kuterera, sankhani mtolo umene maluwa ake ena sanamasule, ndipo chotsani kapepala ka mtengo musanapereke. Kumbukiraninso kuti Lamlungu masitolo akuluakulu a ku England amaloledwa kutsegula maola 6 okha, ndipo pa Lamlungu la Pasaka ndi pa tsiku la Khirisimasi amakhala otseka. Pamene njirayi imalephera ndi pa chilichonse chofuna kukonzedwa mwapadera, chifukwa palibe munthu woti mukambirane naye za mitundu, za kukula kwa nkhata, kapena za ola limene maluwa ayenera kufika pamalo.

Msika wa pa Market Place umachitika Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo unakhazikitsidwa ndi chikalata cha Mfumu Henry III mu 1227. Kumeneko mumapeza ogulitsa maluwa odula ndi mbewu za m'miphika, ndipo munthu wochokera kwathu amamva ngati wafika pamalo ozolowera, chifukwa amalankhula ndi mwini katundu maso ndi maso. Kunenerera mtengo sikofala monga ku msika wa Limbe kapena wa Lizulu, koma amene akugula zambiri angathe kupempha mwaulemu kuti amuchotsereko. Msika ndi wabwino kwa amayi a mumpingo amene akufuna kukongoletsa okha holo ya mapemphero kapena ya chikondwerero cha pa 6 Julayi, chifukwa amapeza maluwa ochuluka pa ndalama zochepa. Vuto lake ndi lakuti umapezeka masiku awiri okha pa sabata, ndipo zimene mudzapeze zimadalira zimene wogulitsa wabweretsa tsikulo.

Sitolo yeniyeni ya maluwa, imene mwini wake amamanga mitolo ndi kuluka nkhata ndi manja ake, ndiyo yokwera mtengo pa zonse zimene ndatchula, ndipo anthu athu ambiri amabwerera pakhomo akangoona mitengo ya pawindo. Ndi bwino kumvetsa chimene mukulipira. Maluwa akafika m'sitolo yotere, amadulidwanso mapesi, kuchotsedwa masamba a kumunsi, ndi kuikidwa m'madzi aukhondo kwa maola ambiri kuti amwe asanagwiritsidwe ntchito. Mwini wake amalipira lendi ya pakati pa tauni, malipiro a antchito, galimoto yokasiyira katundu, ndi msonkho wa VAT wa 20 peresenti ngati bizinesi yake inalembetsedwa, kuphatikizapo maluwa amene amafota asanagulidwe. Mtolo wooneka bwino wa mphatso kawirikawiri umafuna mapaundi makumi atatu kapena anayi, nthawi zina kuposa pamenepo, osawerengera yokasiyira. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti simukakamizidwa kusankha pa zithunzi. Mukhoza kulowa n'kunena kuti muli ndi mapaundi 25, maluwawo ndi a mayi wachikulire amene amakonda mtundu wofiirira, ndipo wokonzayo adzachita zimene ndalamayo ingathe, pogwiritsa ntchito maluwa amene ali abwino ndi otsika mtengo sabata imeneyo. Kutchula ndalama yanu poyamba si manyazi kuno, ndipo kumathandiza onse awiri.

Pa maliro m'pamene ndimanena mosapita m'mbali kuti pitani ku sitolo imene mungalowe ndi miyendo yanu. Mwambo wa kuno ndi wosiyana ndi wathu, ndipo wolakwitsa amakhumudwitsa anamfedwa popanda kudziwa. Choyamba, werengani chilengezo cha maliro, chifukwa mabanja ambiri amalemba kuti maluwa akhale a akubanja okha, ndipo ena onse apereke ndalama ku bungwe lachifundo limene banjalo lasankha. Mukaona mawu amenewo musatumize nkhata, koma perekani kumene akuuzani, ndipo ngati mtima ukufunabe, tumizani kamtolo kunyumba kwa wamasiye patapita sabata imodzi kapena ziwiri, pamene anthu abalalika ndipo nyumba yayamba kuzizira. Chachiwiri, maluwa a maliro sapita kunyumba ya siwa monga kwathu. Amakasiyidwa ku kampani yoyendetsa malirowo maola angapo mwambo usanayambe, kuti akwere limodzi ndi bokosi. Wokonza maluwa adzakufunsani dzina lonse la malemu, dzina la kampaniyo, tsiku ndi ola, ndipo wa mu mzinda waung'ono ngati uno amawadziwa oyendetsa maliro onse, amadziwa khomo lolowera, ndipo nthawi ikasintha amauzidwa msanga. Ubale umenewu sungagulidwe pa intaneti.

Pali chinanso chofunika kuganizira bwino. Maliro ambiri mu Britain, pafupifupi 8 mwa 10 alionse, amathera pa kutentha thupi, ndipo mu Salisbury malo ake ali ku Barrington Road. Kwathu mwambo woika nkhata umatenga nthawi, wolengeza akuitana akubanja, akuchimuna, akuchikazi, amfumu ndi ampingo mmodzimmodzi mpaka mtumbira wonse utaphimbika. Kumalo otenthera nthawi ndi yowerengedwa, banja lina likudikira panja, ndipo maluwa amayalidwa pakhonde kuti anthu awaone potuluka, kenako amachotsedwa patapita masiku ochepa. M'kuona kwanga, gulu la a Malawi likasonkha ndalama, ndi bwino kugula nkhata imodzi yokongola m'dzina la onse, ndipo yotsalayo ipite ku chipepeso, chifukwa maliro kuno amadya ndalama zambiri. Masitolo amaluka nkhata yozungulira, mtanda, mtima, kapena maluwa aatali oyala pamwamba pa bokosi, amene mwa mwambo amagulidwa ndi akubanja okha. Amapanganso zilembo za maluwa, ndipo monga eni dziko amalembetsa mawu a chilankhulo chawo, inunso mukhoza kupempha kuti alembe AMAYI, ABABA kapena AGOGO, podziwa kuti mtengo umawerengedwa pa chilembo chilichonse. Uthenga wa pa khadi lembani nokha ndi dzanja lanu m'sitolo momwemo, pakuti mawu a Chichewa otchulidwa pa foni kwa munthu wosachidziwa amafika atapindika. Ngati malemu akuikidwa m'manda a patchalitchi cha Anglican, funsani kaye malamulo ake, chifukwa ambiri salola maluwa apulasitiki kupatula a poppy okumbukira asilikali ofera kunkhondo a mu Novembala ndi nkhata za Khirisimasi.

Popeza masitolo otere mu mzinda alipo angapo, mungasankhe bwanji pakati pa awiri? Ine ndimayamba ndi maso. Madzi a m'ndowa ayenera kukhala oyera, m'sitolo muzimveka fungo la masamba atsopano osati la madzi ogona, ndipo pasakhale maluwa owerama mitu amene akugulitsidwabe pa mtengo wonse. Kenako ndimapempha kuona zithunzi za ntchito imene iwo eni anapanga, osati za m'buku la kampani ina, ndipo ambiri amaziika pa Facebook kapena Instagram. Ndimafunsa masiku amene katundu watsopano amafika, malire a dera limene amakasiyako maluwa ndi mtengo wake, komanso chimene adzachite ngati duwa limene ndasankha silinapezeke. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa kusintha duwa lina ndi lina n'kololedwa m'ntchitoyi, koma wokonza wabwino amakuimbirani asanasinthe mtundu wa maonekedwe. Chizindikiro chimene sichinandinamizepo ndi mafunso amene iye amakufunsani. Amene akufuna kudziwa kuti wolandirayo ndi ndani, ali ndi zaka zingati, ali kunyumba kapena kuchipatala, ndiye amene akuganizira ntchitoyo. Ena ndi mamembala a bungwe la okonza maluwa la British Florist Association, ndipo zimenezo zimapereka chilimbikitso, ngakhale kuti alipo aluso ambiri amene sanalowe m'bungweli.

Pa intaneti pali mitundu itatu ya ogulitsa imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi makampani olumikiza masitolo, monga Interflora, amene amalandira oda yanu n'kuipereka kwa sitolo ya m'dera la wolandirayo, iwo n'kutengapo gawo lawo. Njirayi ndi yothandiza mukafuna kutumiza maluwa ku Leeds kapena ku Glasgow kumene simudziwa aliyense, koma ngati wolandirayo ali mu Salisbury momwemuno, kuimbira sitoloyo mwachindunji kumachititsa kuti ndalama yanu yonse ilowe m'maluwa. Wachiwiri ndi makampani otumiza maluwa pa positi, monga Bloom & Wild imene inayamba mu 2013, amene amaika maluwa osamasula m'katoni yopyapyala yokwana pa kabowo ka makalata ka pachitseko. Amenewa amayenera mnzanu wogwira ntchito usiku amene sangadzuke kukatsegula chitseko, ndipo maluwawo amakhalitsa chifukwa amamasula ali kale m'nyumba. Sayenera nkhalamba ya manja onjenjemera, chifukwa wolandirayo ayenera kudula mapesi ndi kuwakonza yekha, ndipo tsiku loyamba amaoneka ofooka.

Mtundu wachitatu ndi umene uyenera kusamalidwa. Pali masamba a pa intaneti amene amalemba dzina la mzinda uliwonse pamutu, kuikapo chithunzi cha nsanja ya tchalitchi, n'kumaoneka ngati sitolo ya pakona, pamene alibe nyumba kapena wantchito aliyense m'deralo. Ine ndinagwa mu msampha umenewu pamene mayi wina amene ndinkamusamalira anamwalira. Ndinali pa ntchito ya usiku sabata yonseyo, ndinalemba dzina la mzinda pa foni, n'kusankha tsamba limene linabwera pamwamba. Maluwawo anafika pa kampani ya maliro mwambo utatha, ali m'katoni, ochepa kuposa a pa chithunzi, ndipo pamene ndinaimba foni ndinayankhidwa ndi munthu amene sankadziwa ngakhale kumene Barrington Road ili. Ndalama inabwezedwa patapita nthawi, koma mwayi wotsanzikana ndi mayiyo mwaulemu unali utapita, ndipo zimenezo zimandipwetekabe. Kudziteteza n'kosavuta. Yang'anani ngati tsambalo lili ndi adiresi ya msewu weniweni yokhala ndi nambala ya positi yoyamba ndi SP1 kapena SP2, ndi foni ya m'nyumba yoyamba ndi 01722, kenako imbani n'kufunsa ngati mungabwere kudzatenga nokha maluwawo. Amene akuzemba funso limeneli si wa mu mzinda. Okonza ena oona amagwirira ntchito kunyumba kwawo ndi foni ya m'manja, koma iwonso savutika kukuuzani kumene ali ndi kukulolani kufika.

Njira imene anthu athu ambiri sanaidziwe ndi ya alimi ang'onoang'ono a maluwa a m'midzi ya ku Wiltshire, Hampshire ndi Dorset. Ambiri ali m'bungwe la Flowers from the Farm, limene linayamba mu 2011, ndipo tsamba lake lili ndi mapu osonyeza mlimi amene ali pafupi nanu. Maluwa awo amadulidwa dzulo lake kapena m'mawa womwewo, ambiri amanunkhira kuposa ochokera kutali, ndipo alimi ena amagulitsa pa ndowa kwa amene akufuna kukongoletsa okha. Koma mlimi amatsata nyengo monga mlimi wa chimanga amatsatira mvula. Ma tulip amapezeka mu Epulo, ma peony kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, ma sweet pea mu Juni ndi Julayi, ndipo ma dahlia amayamba chakumapeto kwa Julayi mpaka chisanu choyamba cha mu Okutobala kapena Novembala chitawapha. Rozi wofiira wa pa 14 Febuluwale simudzamupeza kwa iwo. Mukhoza kupempha mitundu ya maonekedwe, monga oyera ndi apinki, koma simungalamule duwa lenileni, chifukwa sabata yamvula kapena yotentha imasintha zonse. M'miyezi yozizira, chimene chimatsala cha m'dziko muno ndi ma narcissus onunkhira a ku Isles of Scilly ndi ma daffodil a ku Cornwall, amene alimi ake ena amatumiza pa positi.

Ukwati umafuna kuyamba ndi mwini malo, osati wogulitsa maluwa. Kumangitsa ukwati m'tchalitchi chachikulu kumaloledwa kwa okhawo amene ali ndi ubale wapadera ndi tchalitchicho, ndipo chili ndi gulu lake la anthu odzipereka amene amakonza maluwa a m'katimo. Matchalitchi a m'parishi, monga St Thomas pafupi ndi msika kapena St Osmund wa Akatolika pa Exeter Street, nawonso amakhala ndi anthu awo osamalira maluwa, ndipo n'kupanda ulemu kubwera ndi munthu wakunja musanalankhule ndi abusa kapena bambo mfumu. M'nyengo ya Lenti matchalitchi ambiri a Anglican ndi a Katolika saika maluwa pa guwa, ndipo mu Adiventi amachepetsa, choncho amene akukonza ukwati wa mu Malichi kapena Disembala afunse msanga. Wokonza maluwa wa mu mzinda amadziwa malamulo a nyumba iliyonse, amadziwa mmene galimoto ingalowere m'bwalo lozungulira tchalitchi chachikulu limene lili ndi zipata zake, ndipo amadziwa nthawi yochepa imene amapatsidwa pakati pa maukwati awiri a Loweruka ku Guildhall, nyumba ya khonsolo ya mzinda. Malo ena sakufunanso siponji yobiriwira imene maluwa amazikidwamo, chifukwa ndi pulasitiki imene imanyenyeka n'kulowa m'madzi, ndipo bungwe la za ulimi wa maluwa la Royal Horticultural Society linailetsa pa zionetsero zake kuyambira mu 2021.

Kwa komiti ya ukwati imene ikuwerengera ndalama mosamala, njira imene ndaiona ikuyenda bwino ndi kugawa ntchito. Mtolo wa mkwatibwi, ya operekeza, ndi timaluwa ta pa jekete za mkwati ndi ankhoswe zipangidwe ndi katswiri wa m'sitolo, chifukwa zimenezi zimagwiridwa tsiku lonse ndipo zimaoneka pa chithunzi chilichonse. Maluwa a pa matebulo agulidwe pa ndowa kwa mlimi kapena pa msika, amayi a komiti n'kuwaika m'mabotolo dzulo lake, malinga pali chipinda chozizira bwino chowasungiramo. Ngati mukufuna kanthu kokumbutsa kwathu, sitolo ikhoza kuitanitsa ma protea a ku South Africa, kapena flame lily limene ndi duwa la dziko la Zimbabwe, mukaiuza masabata angapo pasadakhale, ndipo mukhoza kubweretsa kachidutswa ka chitenje cha ukwatiwo kuti amangire tsinde la mtolo. Maukwati a pakati pa Meyi ndi Seputembala amafuna kusungitsa malo miyezi yambiri isanakwane, ndipo mudzapemphedwa dipoziti. Musapereke musanalandire pepala lolemba chilichonse, kuphatikizapo ola lofika, amene adzachotse zokongoletsa mwambo ukatha, ndi mabotolo kapena zoikira zimene ziyenera kubwezedwa.

Pa masiku otchuka mitengo imakwera kulikonse, chifukwa dziko lonse limafuna duwa lomwelo tsiku limodzi. Limene limasokoneza ambiri a ife ndi tsiku la anakubala, limene ku Malawi ndi pa 15 Okutobala, pamene kuno limakhala pa Lamlungu lachinayi la Lenti, masabata atatu Pasaka isanafike, motero limasuntha chaka ndi chaka. Sabata imeneyo, sabata ya pa 14 Febuluwale, ndi masiku oyandikira Khirisimasi, sitolo yaing'ono imasiya kulandira maoda ikadzaza, choncho odani sabata imodzi kapena ziwiri zisanakwane.

Za malamulo, dziwani kuti ufulu wobweza katundu wogulidwa pa intaneti m'masiku 14 sukhudza zinthu zowonongeka msanga monga maluwa, ndiye simungasinthe maganizo atafika kale. Koma lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limanena kuti katundu ayenera kukhala wabwino ndi wofanana ndi mmene anafotokozedwera, choncho maluwa akafika ofota kapena osiyana kwambiri ndi zimene munagwirizana, jambulani chithunzi tsiku lomwelo n'kudandaula nthawi yomweyo. Pa oda yoposa mapaundi 100, monga ya ukwati, kulipira ndi khadi la ngongole kumakupatsani chitetezo cha gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act, loti kampani ya khadiyo imakhala ndi udindo limodzi ndi wogulitsa ngati katundu sanabwere.

Wodwala akakhala ku chipatala cha Salisbury District ku Odstock kapena china chilichonse, imbani ku wodi musanagule, chifukwa zipatala zambiri za boma (NHS) sizilola maluwa m'mawodi ena pofuna kupewa matenda, ndipo nthawi zambiri n'kwabwino kudikira mpaka atatuluka. Ku nyumba zosungirako okalamba, sankhani maluwa obwera kale m'chotengera chake cha madzi, chifukwa antchito sakhala ndi mpata wofunafuna botolo. Ndipo ngati m'nyumba ya wolandirayo muli mphaka, uzani wogulitsa kuti asaikemo maluwa a lily, pakuti ngakhale mungu wake wochepa umawononga impso za mphaka, ndipo eni dziko amaona chiweto chimenechi ngati mmodzi wa m'banja.

Patsala maliro amene akuchitikira kwathu, kaya thupi likunyamulidwa kuchokera kuno kaya munthu wamwalirira komweko. Pamenepa njira zonse za mu Salisbury sizithandiza, chifukwa maluwa atsopano sangapirire ulendo wa masiku, ndipo kulowetsa zomera m'dziko lina kumafuna zilolezo. Ngati pali mwambo wotsanzikana kuno thupi lisananyamuke, gulani mtolo umodzi wa maluwa ku sitolo ya mu mzinda, ndipo mwambo ukatha apatseni akubanja apite nawo kunyumba. Za kumanda, tumizani ndalama kwa m'bale wokhulupirika kuti akagule nkhata ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, kapena apereke kwa amayi a m'mudzi kuti aluke, ndipo mulembereni pa WhatsApp mayina onse amene ayenera kuwerengedwa nkhatayo ikamaikidwa, motsatana monga mukufunira.